Tulo ta Chitseko Chotsegula

Nkhani ya lero ikuchokera kwa Wimbe, m'boma la Kasungu.

Mlimi wa fodya amadziŵa kuŵaŵa kwa umbava. Amathirira nazale dzuŵa likuswa mtengo, amawokera ndi mvula yoyamba, amasoka masamba mpaka zala kutupa, koma usiku umodzi wokha chigafa chimatsala chopanda kanthu. Tsono akuluakulu ena a kwa Wimbe amadandaula kuti nthaŵi ya Kamuzu munthu ankagona chitseko chili chotsegula. Mawu ameneŵa si onyozeka, makamaka m'dera limene muli Mtunthama, kumene Dr Hastings Kamuzu Banda anatsegula sukulu ya Kamuzu Academy mu 1981. Komabe nkoyenera kufunsa kuti tulo timeneto tinagulidwa ndi chiyani.

Yankho likuyambira kutali ndi Kasungu, ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Kuyambira mu 1968 mpaka 1970 anthu ambiri anaphedwa usiku m'nyumba zawo, ndipo mantha anagwira mzinda wonse. Bwalo lalikulu litamasula amene ankaganiziridwa chifukwa umboni unali wosakwanira, anthu anakwiya kwambiri. Mu 1969 nyumba ya malamulo inavomereza kuti mabwalo a mafumu aziŵeruza milandu yakupha ndi kupereka chilango cha imfa. M'mabwalo amenewo woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, ndipo oŵeruza ankasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko.

Mabwalo amene anakonzedwera zigaŵenga sanathere pa zigaŵenga. Patapita zaka zoŵerengeka anapatsidwanso milandu youkira boma. Mu 1983 a Orton Chirwa, amene kale anali nduna yoona za chilungamo, anagamulidwa pamodzi ndi akazi awo a Vera kuti aphedwe. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse, ndipo a Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira mu 1987 mpaka 1991 osaonekera m'bwalo lililonse. Kumidzi nako, mayi wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pachipata cha msika, dengu lili pamutu.

Malamulo aakulu a dziko a mu 1994 amati munthu womangidwa aonekere kubwalo la milandu pasanathe maola 48. Mlimi woberedwa akaona woganiziridwa atatuluka pa belo, mtima umamupweteka, ndipo dandaulo lake ndi lomveka: apolisi ayenera kufika msanga, kufufuza mokwanira ndi kupereka umboni wogwira mtima kwa oŵeruza. Koma lamulo lomwelo ndi limene lidzateteze mlimiyo tsiku limene mnansi wokangana naye za malire a munda adzamunamizire kwa akuluakulu a boma. Makolo anati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.