Mau Oyankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka ku Nsambe: Za Ufulu Wachibadwidwe wa Munthu



Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse m'chaka cha 1945, maiko anazindikira kuti mtendere sungakhazikike ngati boma lililonse liloledwa kuchita ndi anthu ake monga lifunira. Chifukwa chake pa 10 Disembala 1948 bungwe la United Nations, litasonkhana mu mzinda wa Paris, linavomereza chikalata cha mfundo 30. Chikalatacho chinena kuti munthu asagwidwe ukapolo, asazunzidwe, asamangidwe popanda chifukwa, ndiponso akhale ndi ufulu wa kuyankhula, kupembedza ndi kuphunzira. Maiko 48 anavomera, ndipo panalibe lokana. Koma maiko 8 anakhala chete, limodzi mwa iwo likhala South Africa, kumene ana athu ambiri anali kugwira nchito m'migodi.

Pa nthawiyo ife tinalibe mpando m'bwalo limenelo, pakuti Nyasaland anali m'manja mwa Angerezi. M'chaka cha 1953 anatilowetsa m'Chitaganya titakana, ndipo kuyambira pa 3 Malichi 1959 anthu oposa 1,000 anatsekeredwa osaweruzidwa. Tinalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964, ndi kulowa mu United Nations m'Disembala chaka chomwecho.

Komatu, abale, mbendera yatsopano siinathetse misozi. Mu Meyi 1983, pamene Neno anali akali mbali ya boma la Mwanza, mitembo ya a Aaron Gadama, a Dick Matenje, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga inapezeka pa mseu wa ku Thambani. Tinauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto, ndipo tinatseka pakamwa chifukwa cha mantha. Kalata ya maepiskopi achikatolika ya pa 8 Malichi 1992 ndiyo inamasula malilime. Pa 14 Juni 1993 tinasankha zipani zambiri, ndipo m'chaka cha 1994 maufulu aja analembedwa m'mutu wachinayi wa malamulo aakulu a dziko lino.

Mfundo ya 14 ya chikalata cha ku Paris ipatsa wothawa mazunzo ufulu wopempha pobisala m'dziko lina. Imeneyi ife a ku Neno tinaiona ndi maso. Msasa wa Luwani unasunga abale athu othawa nkhondo ku Mozambique. Unatsekedwa mu 2007, nutsegulidwanso mu 2016 pamene ena anathawira ku Kapise. Makolo athu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono funso langa ndi ili: kodi ufulu umenewu wafika m'nyumba zathu? Mkazi wamasiye akalandidwa munda maliro atangotha, chikalata chija chaswedwa pa Nsambe pompano. Mtsikana akachotsedwa m'sukulu ndi kukwatiwitsidwa asanakwanitse zaka 18, malamulo aakulu, monga anakonzedwera mu 2017, aswedwa, ngakhale ankhoswe atavomera.

Ndipempha kuti membala aliyense akaona zotere asaziyese za m'banja la eni, koma akadziwitse mfumu ndi komiti yathu mlandu usanazizire. Ine ndinali mmodzi wa iwo amene anakhala chete mu 1983, ndipo sindifuna kuti adzukulu anga adzaphunzire khalidwe limenelo kwa ine.