Mlandu wa malo, madzi ndi mpweya: woimira anthu alipo

Lero tikambirana funso limodzi: kampani ikatenga munda wanu kapena kuipitsa mtsinje wanu, mupita kwa yani?

Ambiri amati wosauka sapambana mlandu. Tamverani zimene zinacitika muno m'cigawo cathu ca Tete.

Mu 2009 ndi 2010 kampani ya Vale inasamutsa mabanja oposa 1,300 ku Moatize kuti ikumbe malasha. Ambiri anapita ku Cateme, kutali ndi msika, panthaka youma. Mu Januwale 2012 anthu anatopa, natseka njanji ya malasha. Apolisi anabwera ndi mphamvu. Koma phokoso linamveka, ndipo caka comweco boma linatulutsa Decreto 31/2012, lamulo la kasamutsidwe ka anthu. Limati wosamutsidwa akhale ndi moyo wofanana ndi wakale kapena woposa.

Lamulo likalembedwa, pafunika wolinyamula kupita nalo kubwalo la milandu. Apa ndi pamene alowa ma advogado oimira anthu wamba. Ku Chirodzi, kampani ya Jindal inatsegula mgodi mu 2013 anthu a ku Cassoca akali momwemo, akupuma fumbi la malasha. Bungwe la ma advogado a dziko lino, Ordem dos Advogados de Moçambique, linatenga nkhaniyo kubwalo. Mu 2018 Tribunal Administrativo ya ku Tete inalamula kuti kampaniyo isamutse anthuwo. Zinatenga zaka, koma cigamulo cinatuluka.

Kodi advogado wotere amagwira ndi ciani? Zida zake ndi malamulo athu omwe.

Artigo 90 ya Malamulo Aakulu a Dziko imati nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala pamalo abwino, komanso udindo wowateteza. Artigo 81 imalola munthu mmodzi kapena gulu kusuma m'malo mwa mudzi wonse pa nkhani ya cilengedwe ndi umoyo wa anthu. Lamulo la Malo la 1997 linavomereza kuti munda umene mwalima mwa mwambo wa makolo uli ndi ufulu wake ngakhale mulibe pepala la DUAT, ndipo umboni wapakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzi umawerengedwa. Lamulo 34/2014 limakupatsani ufulu wopempha mapepala a boma kuti muone zimene anapangana.

Nanga nyengo ilowa bwanji? Mukukumbukira namondwe Ana mu Januwale 2022, amene anagwetsa mlatho wa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize. Mvula yotere ikagwa paphiri lopanda mitengo, madzi amatsika ndi nthaka yonse. Amene analemera podula mitengo ali kutali. Wolira ndi mlimi wa kudimba. Cilungamo ndi cakuti woononga alipire, ndipo Lamulo la Cilengedwe la 1997 limatero.

Koma advogado sangalankhule ali cimanjamanja. Mbali yanu ndi iyi. Alendo akabwera kudzafunsa malo, msonkhano ukhale wa mudzi wonse, amayi alipo. Musasaine kapena kudinda cala papepala limene silinawerengedwe m'Cinyanja. Pemphani kope la zimene zalembedwa pamsonkhanowo. Sungani kabuku: tsiku, amene anabwera, zimene analonjeza. Madzi akasintha mtundu, mbuzi zikafa, jambulani ndi foni. Pitani monga gulu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ngati mulibe ndalama, funsani ofesi ya IPAJ kuboma kwanu. Nchito yake ndi kuimira osauka pa milandu kwaulere.

Comaliza. Advogado sapanga malamulo. Amawapanga ndi aphungu a ku Assembleia da República, amene inu mumawasankha. Iwo angathe kulimbitsa malamulowa, angathenso kuwafooketsa. Conco wofuna voti yanu akafika ndi kapulana ndi kamiza, mufunseni pamaso pa anthu: kodi mudzateteza ufulu wa minda ya makolo? Kodi gawo la ndalama za migodi loyenera kubwerera kumidzi lidzafika bwanji, ndipo tidzaliona pati? Mverani yankho, mulisunge mumtima. Ife sitikuuzani cipani coti musankhe. Voti yanu ndi yacinsinsi.

Amene ali ndi funso aimike dzanja.