Cimbale ca Anyamata a Ngozi

Munthu wocokera ku Lusaka kunka kumwera, akayenda makilomita ngati 45, afika pa mudzi wa Kafue, pamene njanji iwoloka mtsinje pa ulalo umene unamangidwa m'caka ca 1906. Kwa zaka zambiri malowa anali ongoimapo sitima ndi ogulapo nsomba. Koma pamene dziko la Zambia linalandira ufulu mu 1964, ndarama za mkuwa zinali zambiri, ndipo Boma linamanga mafakitale pamenepo. Mu 1970 fakitale ya Nitrogen Chemicals inayamba kupanga fetereza wa alimi, pamodzi ndi mankhwala opangira zophulitsira miyala m'migodi. Pafupi pake panali fakitale ya nsaru ya Kafue Textiles, ndipo kumunsi kwa mtsinje, ku Kafue Gorge, madzi anacingidwa kuti apereke magetsi. Anyamata ndi atsikana anadza kucokera mbali zonse kudzafuna nchito.

Tsono munthu wolandira malipiro pakutha pa mwezi sakhutira ndi nsima yokha. Afuna nsapato, afuna wailesi, afunanso nyimbo zoti abvine pa Ciweru madzulo. Anthu otere, a ku Kafue, a m'makomboni a ku Lusaka ndi a ku migodi, ndiwo amene anali ogula mbale za galamafoni masiku amenewo. Nkhani ya lero ndi ya cimbale cimodzi cimene cinapangidwira anthu amenewa, ndi za mmene dziko linacilandirira, poyamba kwao kuno, ndipo pambuyo pace kutsidya la nyanja.

Mwini cimbaleco anali Paul Nyirongo, wobadwa mu 1949, amene anakulira m'komboni ya Chibolya ku Lusaka. Iye anaphunzira gitala ali wamng'ono, naimba m'magulu angapo, kufikira analowa gulu la Musi-O-Tunya limene linali kugwira nchito ku Nairobi m'dziko la Kenya. Dzina lakuti Ngozi analipata cifukwa ca macitidwe ace pamaso pa anthu, pakuti nthawi zina anali kuliza gitala ndi mano monga muja anali kucitira Jimi Hendrix wa ku America. Atabwerera kwao anasonkhanitsa gulu lace laling'ono, Ngozi Family, ndipo pa ng'oma panakhala Chrissy Zebby Tembo. Mu 1976 iwo anaturutsa cimbale cao coyamba, dzina lace Day of Judgement, ndiko kuti tsiku la ciweruzo.

Cimbaleci sicinaturuke m'manja mwa makampani akuru a ku London kapena a ku New York. Anaciturutsa ndi a Zambia Music Parlour a ku Ndola, kampani ya Bambo Edward Khuzwayo, amene anali kufuna-funa oimba a m'dziko momwemo ndi kuwajambula ndi ndarama zocepa. Nyengo nayo inali yabwino, pakuti m'zaka zomwezo Mtsogoleri Kenneth Kaunda analamula kuti pa nyimbo 100 zomveka pa wailesi, 95 zikhale za m'Zambia. Oulutsa mau anasowa coika pa mphepo, ndipo mnyamata ali yense amene anali ndi gitala ndi nyimbo zace-zace anapeza khomo lotseguka.

Amene amva cimbaleci nthawi yoyamba amadzidzimuka. Gitala silira mosalala ai. Ilira mokhadzula, ngati citsulo cikukwecedwa pa mwala wonolera, cifukwa mau ace anapyola m'kabokosi kamene oimba achula fuzz. Ng'oma za Tembo zithamanga osapuma, ndipo Paulo apfuula koposa kuimba. Nyimbo zina ziri m'Cingerezi, zina m'Cinyanja ca m'tauni, ndipo mwa izo muli ina yonena za manda a bambo wace wa munthu. Apa ndipo pali cinthu cofunika kucizindikira. Phokoso linali lacilendo, koma nkhani zace zinali za pakhomo: maliro, cikondi, kusauka, ndi kukhala bwino ndi anansi. Munthu amene wagwira tsiku lonse pakati pa makina oomba nsaru, kapena pansi pa mgodi pamene cibowolero cigonthetsa makutu, sakanaopa phokoso lotere. Iye analimva ngati mau a nchito yace yomwe, koma tsopano ali kumuimbira iye.

Oweruza oyamba a cimbaleci anali anthu amenewa, ndipo ciweruzo cao anacipereka ndi mapazi ndi matumba. Umboni wace ndi uwu, kuti kampani yaing'ono siibwereza kujambula munthu amene mbale zace zigona m'sitolo. Koma Paulo ndi anzace anapitirira kuturutsa zimbale cimodzi pambuyo pa cinzace. Mu 1977 kunabwera 45,000 Volts, dzina loyenera ndithu m'dziko limene linali kunyadira magetsi ace atsopano. Tembo nayenso anali ndi cimbale cace, My Ancestors, Paulo ali pa gitala.

M'caka comweco ca 1976, kutali ku New York, anyamata anai ochedwa Ramones anaturutsa cimbale cao coyamba, ca nyimbo 14 zazifupi ndi zothamanga. Mu January 1977, ku Manchester ku England, gulu la Buzzcocks linabwereka ndarama ngati mapaundi 500 kwa abale ndi abwenzi, ndi kudindira lokha mbale 1,000 za nyimbo zinai, osapempha kampani iri yonse. Maimbidwe amenewa Azungu anawacha punk, ndipo mwa iwo munaphuka mtundu wina wofewerapo, wokoma kuimba pamodzi, umene achula pop punk. Anyamata a ku Chibolya sanatengere kwa anthu awa, pakuti mbale zao zinaturuka nyengo imodzi. Onsewo anamva oimba omwewo a magitala olemera, ndipo onsewo anaganiza kuti munthu sayenera kudikira ciloleza ca akuru kuti aimbe.

Kusiyana kunadza pambuyo. A ku New York ndi a ku Manchester analembedwa m'manyuzi ndi m'mabuku, ndipo mbale zao zinadindidwanso kawiri-kawiri. Ku Zambia mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndipo sunadzuke msanga. Cakudya cinakwera, zitsulo zokonzera makina zinasowa, ndipo munthu amene kale anali kugula cimbale anayamba kuwerenga ndarama za ufa. Nkhondo ya ku Rhodesia inabweretsa malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa nyali, kotero kuti magulu anasowa kobvinitsa anthu. Kunabwera disko, kunabwera makaseti ojambulidwa mwakuba, ndipo kalindula anatenga malo pa wailesi. Pamwamba pa zonsezi matenda a Edzi anatha oimba ambiri a mbadwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Mudzi wa Kafue nawo unaona zomwezo, pakuti fakitale ya nsaru inafooka nitsekedwa, ndipo anchito ace ambiri anabalalika.

Panapita zaka zambiri mbale zija ziri m'pfumbi. Kenaka anthu osonkhanitsa mbale zakale a ku Ulaya ndi ku America anayamba kuzifuna, nazigula pa mitengo imene eni ace oyamba sakanaikhulupirira. Kampani ina yaing'ono ya ku Los Angeles, Now-Again Records, ya Bambo Eothen Alapatt, inayamba kudindanso nyimbo za Zamrock, ndipo mu 2014 inaturutsanso Day of Judgement. Apa ndipo olemba za nyimbo kutsidya anacimva, nacitama kwambiri, nati ndi punk imene inabadwa dzinalo lisanafike.

Kutamako kunali kwabwino, koma mbali yina kufunika kukuyesa pa muyeso. Ena analemba ngati kuti kukoma kwa cimbaleci kuli m'kusadziwa kwa oimba, kuti iwo anaphimba kucepa kwa luso ndi mphamvu cabe. Mau otere amveka ngati ciyamiko, koma ali ndi minga. Munthu amene waimba m'magulu a ku Lusaka ndi a ku Nairobi sangachedwe wosadziwa gitala. Cimene cinali cocepa ndi ndarama, nthawi ya m'nyumba yojambulira, ndi makina. Ndipo pamene mnyamata wa ku Manchester aimba mokhadzula, olemba anena kuti wasankha dala. Nanga bwanji wa ku Chibolya akacita comweco anena kuti sanadziwe njira yina? Paulo anadziwa anthu amene anali kuwaimbira, ndipo anawapatsa mau olingana ndi moyo wao.

Cotsatira cace palibe amene anaciyembekeza. Mu October 2024 woimba wina wochuka wa ku America, Tyler, the Creator, anaturutsa nyimbo yace Noid, ndipo m'kati mwace anaikamo mau a Paul Ngozi ocokera m'nyimbo ya Nizakupanga Ngozi ya pa 45,000 Volts. Cimbale ca Tyler, Chromakopia, cinakhala coyamba pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America. Motero ana a ku Chicago ndi a ku Tokyo anayamba kung'ung'udza Cinyanja ca m'makomboni a ku Lusaka, cija ca niza m'malo mwa ndidza, cimene mphunzitsi wa sukulu akanacidula ndi inki yofiira.

Mbale zoyamba za 1976 zatsala zocepa, ndipo zambiri mwa izo ziri kunja kwa dziko. Koma kapena m'nyumba zina za ku Kafue Estates, kapena za ku Wusakile ndi ku Chamboli, mukali sutukesi ya malemu bambo imene sinatsegulidwe, ndipo pansi pa mayunifolomu akale pagona cimbale ca Ngozi Family. Amene acipeza asacisiye pa dzuwa, pakuti cipindika, ndipo asaciunjikire katundu pamwamba. Acipukute ndi kansaru kofewa, acisunge coimirira m'cikuto cace, ndipo akafika mlendo wofuna kucigula ndi ndarama za m'thumba, ayambe afunsa kwa odziwa mtengo wace weni-weni.