KUBWERERA KU SUKULU MUNTHU ATAKULA

Nkhani imene ndapemphedwa kuti tikambirane lero ndi ya munthu wamkulu, wa banja lake ndi ana ake, amene ntchito yomwe wakhala akudalira yatha kapena yasiya kumudyetsa, ndipo akuganiza zoyambanso kuphunzira kuti agwire ina. Anthu otere alipo ambiri m'parishi mwathu muno. Ambiri a iwo maganizowa amangowasunga mumtima poopa kusekedwa.

Tiyambe ndi kuvomereza kuti ntchito zimatha. Achikulire muli pano mukukumbukira masiku a Wenela, pamene mnyamata akafuna njinga kapena malata ankadziwa kuti njira yake ndi ya ku Joni. M'mwezi wa April 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi opitirira 70, ndipo boma linaletsa ulendowo. Unatsegulidwanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma mu 1988 unatsekedweratu. Abambo ambiri anabwerera kumudzi ndi luso la pansi pa nthaka limene kuno kunalibe woligula. Mu 1996 kunabwera lamulo logulitsa makampani a boma, ndipo mawu akuti "kuchepetsa antchito" analowa m'nyumba zambiri. Mu 2022 kampani ya ADMARC inachotsa antchito ake zikwizikwi nthawi imodzi.

Palinso ntchito zina zimene zimafa popanda wokulemberani kalata. Mayi amene ankataipa makalata pa makina analowedwa m'malo ndi kompyuta. Aja ankatiimbitsa lamya pa tebulo m'mbali mwa msewu anapasula bizinesi yawo aliyense atagula foni ya m'manja. Wa kabaza wa njinga yakapalasa akuona makasitomala ake akukwera njinga yamoto. Onsewa sikuti ndi aulesi ayi. Dziko lasintha iwo ali chigwirire ntchito yawo mokhulupirika.

Nanga munthu wotere ali ndi ufulu wanji? Malamulo aakulu a dziko lino, amene tinayamba kuwatsata mu 1994, amanena m'gawo 25 kuti maphunziro ndi ufulu wa munthu aliyense. Lamulolo silinatchule zaka zimene ufuluwo umathera. Gawo 29 limapatsa aliyense ufulu wogwira ntchito ndi kufunafuna chomuthandiza pa moyo wake kulikonse m'Malawi muno. Choncho bambo wa zaka 45 amene akufuna kulemba mayeso a Fomu 4 sakupempha chifundo kwa munthu.

Komabe lamulo silichotsa manyazi, ndipo manyazi ndiwo amene atsekereza anthu ambiri kuposa umphawi. Pamenepa ndifuna ndikukumbutseni za munthu amene dzina lake timalimva m'tchalitchi chaka ndi chaka, koma mbiri ya sukulu yake sitiikamba kawirikawiri. Ignasio Woyera wa ku Loyola, m'dziko la Spain, ntchito yake yoyamba inali ya usilikali. Mu 1521, pa nkhondo ya ku Pamplona, chipolopolo cha mzinga chinamuphwanya mwendo, ndipo usilikali unathera pomwepo. Atasankha njira ina ya moyo anaona kuti sangaiyende popanda maphunziro. Mu 1524, ali ndi zaka 33, anakakhala pa benchi limodzi ndi tianyamata ta sukulu mumzinda wa Barcelona kuphunzira Chilatini kuyambira pachiyambi.

Chimene ndifuna mumvetsetse ndi zimene zinatsatira. Atachoka ku Barcelona anapita ku sukulu ya ukachenjede ya ku Alcalá, kumene anatenga maphunziro ambirimbiri nthawi imodzi pofuna kumaliza msanga, ndipo sanapindule kwenikweni. Atafika ku Paris mu 1528 anaona kuti maziko ake ndi ofooka, nabwereranso ku maphunziro oyambirira pamodzi ndi ana. Ndalama analibe, kotero pa tchuthi ankapita ku Flanders kukapempha thandizo kwa amalonda a kwawo. Digiri yake anailandira mu 1535, patatha zaka 11 chiyambireni pa benchi lija. Ameneyu ndiye anayambitsa chipani cha Majezuwiti, chimene lero chili ndi sukulu m'mayiko ambiri, kuphatikizapo sekondale ya Loyola ku Kasungu. Wina anganene kuti izi ndi zakale ndiponso za kutali. Chabwino. Ku Kenya boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 2003, gogo wina dzina lake Kimani Maruge anakalembetsa Sitandade 1 mu 2004 ali ndi zaka 84, atavala kabudula wa yunifomu ngati ana ena onse.

Pa mbiri ya Ignasio titengepo mfundo imodzi: munthu ayambire pamene maziko ake ali, osati pamene zaka zake zili. Makomo olowera alipo angapo, ndipo aliyense ali ndi lake.

Amene sadziwa kuwerenga ndi kulemba, khomo lake ndi sukulu ya kwacha. Ndondomeko ya boma ya sukulu zimenezi inakhazikitsidwa mu 1986, ndipo amaziyang'anira ndi alangizi a zachitukuko cha m'midzi. M'makalasi amenewa mumadzaza amayi. Abambo amazemba, ati sangakhale pansi ndi akazi kumaphunzira a, e, i, o, u. Abambo omwewo mukawapeza kokagulitsa mbewu akudinda chala pa pepala limene sakudziwa kuti lalembedwa chiyani, kapena akupereka foni kwa mwana wa eni kuti awawerengere uthenga wa ndalama. Manyazi aakulu ndi ati pamenepa?

Amene analekezera sekondale panjira ali ndi khomo lina. Kale tinali ndi ma MCDE, amene kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anasanduka sekondale zoyendera za m'madera. Masiku ano sekondale zambiri zimakhala ndi makalasi a masana kapena madzulo, ana a m'mawa akaweruka, amene ena timangowatchula kuti naiti. Kumeneko salabadira zaka za munthu. Bungwe la MANEB limalolanso munthu amene sali pa sukulu ya masiku onse kulembetsa mayeso ngati wodziphunzirira yekha. Dziwani izi za mayeso a MSCE: kuti mulandire satifiketi muyenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, limodzi mwa iwo likhale ndi kirediti. Magiredi amayambira pa 1 kufika pa 9, ndipo kirediti imathera pa 6. Sukulu za ukachenjede za boma zimafuna makirediti asanu ndi imodzi, Chingerezi chili momwemo. Munthu amene ali kale ndi satifiketi koma anagwa pang'ono pa masamu kapena Chingerezi, ayambe wafunsa ku sukulu imene akufuna kupitako ngati imalola kuphatikiza zotsatira za zaka zosiyana, asanalipire chilichonse. Safunsa anadya phula.

Khomo lachitatu ndi la ntchito za manja, ndipo pa maganizo anga ndi limene lingathandize ambiri a ife msanga. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, ndilo limayang'anira maphunziro a ntchito zimenezi. Kuli makoleji akale monga Soche, Nasawa, Namitete, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji ang'onoang'ono m'maboma kuti anthu aphunzirire kufupi ndi kwawo umisiri wa matabwa, zomangamanga, kuwotcherera zitsulo, kusoka, zamagetsi ndi kukonza njinga zamoto. Palinso njira imene ambiri saidziwa. Munthu amene anaphunzira ntchito pa msika kapena pa galaja ya amalume ake, ndipo waigwira kwa zaka, angathe kupempha kuti ayesedwe pa luso limene ali nalo kale ndi kulandira pepala. Pepalalo ndi limene amafunsa pamene sukulu kapena chipatala chikufuna mmisiri.

Kwa aphunzitsi, anamwino, makalaliki ndi ena amene ali kale ndi dipuloma, sukulu za ukachenjede zili ndi malo a anthu ogwira ntchito, komanso maphunziro ochitira kunyumba ndi kumapita ku koleji pa nthawi zoikika. Mzuzu University ndi koleji ya aphunzitsi ya Domasi athandiza aphunzitsi ambiri mwa njira imeneyi iwo osasiya ntchito.

Tsono pano ndichenjeze, chifukwa sindifuna kuti wina atuluke muno ndi kukagulitsa mbuzi zake zonse mawa. Satifiketi si ntchito. Tonse tikudziwa achinyamata a madigiri amene ali pakhomo, ndi aphunzitsi amene anamaliza maphunziro nadikira zaka asanalembedwe. Ntchito zina monga za usilikali ndi upolisi zili ndi malire a zaka polemba anthu. Choncho munthu wamkulu asasankhe phunziro chifukwa dzina lake ndi lomveka bwino. Ayambe wayenda pa msika wa kwawo ndi maso otsegula. Matelala alipo angati, ndipo kaunjika wawasiyira makasitomala angati? Njinga zamoto zadzaza pa siteji, nanga zikawonongeka amazikonza ndani? Nyumba zambiri zayamba kuika magetsi a sola, nanga akafa amaitana yani, ndipo amachokera kutali bwanji? Mjigo ukafa mudzi umadikira masabata angati? Kumene anthu akudandaula kuti akusowa wowathandiza, kumeneko ndiye kuli ntchito.

Chenjezo lina ndi la makoleji a m'makwalala. Kwabuka sukulu zambiri za zikwangwani zokongola, zolonjeza dipuloma pa miyezi yowerengeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanalipire, funsani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi bungwe la National Council for Higher Education, kapena ndi TEVETA ngati ili ya ntchito za manja. Funsaninso ngati phunziro lenilenilo limene mukufuna ndi lovomerezeka, chifukwa sukulu ikhoza kukhala m'kaundula koma maphunziro ake ena ayi. Ndipo wina akakuuzani kuti angakupezereni satifiketi popanda kulemba mayeso, kapena kukugulitsani mafunso a MANEB, dziwani kuti umenewo ndi mlandu wa kupolisi kwa wogulitsa ndi wogula yemwe.

Ndifike pa nkhani ya m'nyumba, pakuti apa ndi pamene zambiri zimakanikira. Mwana akamapita ku sukulu amalipira ndi makolo. Kholo likamapita ku sukulu limalipira ndi banja lonse: ndiwo zimachepa, munda umatsalira, ana amasowa wowayang'anira madzulo. Chifukwa chake maganizo amenewa si a munthu mmodzi. Khalani pansi awirinu ndi pepala ndi pensulo. Lembani fizi, ndalama ya mayeso, thiransipoti, mabuku, zida zogwirira ntchito mukamaliza, ndiponso ndalama imene simudzaipeza pa maola amene muli m'kalasi. Ambiri amaiwala ziwiri zomalizazi, ndipo amamaliza kosi ya ukalipentala alibe ngakhale sowo. Ngati muli pa ntchito kapena pa geni, ngakhale yochepa, musaisiye mpaka inayo itayamba kubala. Ngati mwalandira ndalama zochotsedwera pa ntchito, patulani gawo la maphunziro ndi zida tsiku lomwelo, achibale asanamve. Ngongole ya ku banki m'khonde ingathandize pogula makina osokera amene ayamba kubweza mwezi womwewo, koma si yolipirira maphunziro a zaka ziwiri, ndipo katapila musamuyandikire n'komwe. Chinthu chimodzi sindingachivomereze: kutulutsa mwana m'kalasi kuti bambo kapena mayi alowemo.

Kwa inu abambo ndili ndi mawu apadera. Amayi ambiri amene ali muno anasiya sukulu chifukwa cha mimba kapena ukwati, nzeru ali nazo. Kuyambira 1993 boma limalola mtsikana amene anabereka kubwerera ku sukulu, koma m'nyumba zambiri lamulo la bambo ndi limene likugwirabe ntchito. Ena amati mkazi akaphunzira amachita mwano. Ena amaopa kuti ku naiti akapezako amuna ena. Ngati vuto ndi mdima, kamuperekezeni ndi kukamutenga. Dzifunseni kuti tsiku limene inu mudzadwale kapena kutsogola, ana anu adzadya chiyani ngati mayi wawo alibe chogwira. Amayi inunso, bambo akanena kuti akufuna kuyamba sukulu ya kwacha, musakhale oyamba kukamuseka ku mjigo.

Miphakati ingathandizepo popanda kudikira abwenzi akunja. Pafupifupi mphakati uliwonse uli ndi mphunzitsi wopuma pa ntchito, kapena wachinyamata wa Fomu 4 amene akungokhala, amene angathandize anthu atatu kapena anayi pa masamu ndi Chingerezi kawiri pa sabata. Nyumba zathu zopemphereramo zimakhala zotseka masiku ambiri m'kati mwa sabata. Amisiri amene tili nawo mumpingo angalandire munthu mmodzi wamkulu kuti aphunzire pambali pawo, pa mgwirizano womveka bwino wa nthawi ndi malipiro, kuti wophunzirayo asasanduke wantchito waulere. Amayi angasinthane posunga ana pa masiku a kalasi, monga momwe amachitira pa maliro ndi pa ukwati.

Kwa amene mukuganiza za mayeso a Fomu 4, kumbukirani kuti kulembetsa kumachitika miyezi yambiri mayesowo asanafike, ndipo tsiku lotsekera likadutsa mumadikira chaka china. Pitani kwa mphunzitsi wamkulu wa sekondale imene muli nayo pafupi teremu yoyamba ikangoyamba, mutatenga chitupa cha unzika ndi mapepala onse a sukulu amene munasunga, ngakhale akhale ong'ambika. Amene mapepala anu anatayika kapena kupsa, mukanene zimenezo tsiku lomwelo kuti akuuzeni njira yopezera umboni wa zotsatira zanu ku MANEB.