Ulimi wa Ndiwo Zamasamba ndi Masitiroberi m'Chigwa cha Domasi

 Lero tikambirana za dimba lolimidwa ndi cholinga chopezera ndalama.

Mtsinje wa Domasi umachokera m'mapiri a Zomba ndi Malosa nukatsira m'nyanja ya Chilwa. Madzi alipo, nthaka ndi yachonde, ndiponso msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde umadutsa pomwepo. Nanga n'chifukwa ninji mlimi wa tomato amabwerera kumsika ndi dengu lodzaza? Chifukwa chake n'chakuti mudzi wonse umafesa sabata imodzi, nukololanso sabata imodzi. Tomato akachuluka chotero, amene amatchula mtengo ndi wogula.

Choncho, musanagwire khasu, pitani kumsika wa Zomba kapena wa Songani mukafunse miyezi imene tomato, kabichi ndi anyezi zimasowa. Kenaka gawani dimba lanu zigawo zinayi, ndipo muzifesa nazale yatsopano pakapita masabata atatu alionse. Potero mudzakhala ndi chogulitsa miyezi ingapo. Lembani m'kope zonse zimene mwaononga pa mbewu, feteleza, mankhwala ndi aganyu, pakuti phindu silidziwika ndi kulemera kwa dengu.

Tsopano za masitiroberi. Aliyense amene anakwerapo msewu wa ku Chawe anaziona zipatso zofiirazi zikugulitsidwa m'mbali mwa msewu. Chipatsochi chimakonda malo ozizira, motero chimayenera minda ya m'mphepete mwa phiri kuposa ya kumunsi kotentha kufupi ndi Chilwa. Dzalani mphukira zochokera ku mbewu zopanda matenda pamene mvula ikutha, pa mabedi okwera othira manyowa owola bwino, potalikirana masentimita 30. Phimbirani ndi udzu wouma kuti zipatso zisagunde dothi. Thyolani m'mawa pamodzi ndi kaphesi kake, muike m'zotengera zosazama, ndipo mugulitse tsiku lomwelo. Musadzale masitiroberi pamene panali tomato, mbatatesi kapena mabilinganya, popeza matenda ofotetsa mbewu amatsalira m'nthaka.

Pa za mankhwala ophera tizilombo, werengani malangizo a pabotolo, ndipo mudikire masiku onse olembedwawo musanakolole. Wodya ndiwo zanu ndi mwana wa mnzanu.

Chomaliza ndi madzi. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda yambiri m'boma la Zomba. Mlimi wolima mpaka m'gombe amataya nthaka yake mvula ikakula, nasowa madzi chilimwe chikafika. Siyani bango ndi mitengo m'mbali mwa mtsinje.

Mutu umodzi susenza denga. Khalani pansi ndi anzanu m'kalabu, muitane mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu, ndipo mugwirizane amene afese mwezi uno ndi amene afese mwezi wamawa.