BWALO LA MUDZI NDI BWALO LA MZINDA

Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa Bungwe lathu. Tawalemba pano kuti mafumu ndi mamembala amene sanafike awawerenge.

Mlandu umene ndadza nao ndi wa bwalo.

Makolo athu pomanga mudzi anayamba asankha mtengo wa mthunzi, kacere kapena mkuyu, nalambula pansi pace, nati, Pano mpabwalo. Pambuyo pace ndipo yense anazika nsici za nyumba yace. Pabwalo pamenepo anaweruza milandu, amuna anasoka mphasa, ana anasewera pa mwezi, mlendo anakhala pansi kufikira mwini mudzi atamlonjera. Panalibe mwini wace mmodzi, ndipo munthu sanalipe kanthu kuti akhalepo. Tsono ndifunsa, nanga m'mizinda yathu bwalo lotere liri kuti?

Tione za Lilongwe, pakuti ambiri a ife timaudziwa. Lilongwe anakhala boma m'caka ca 1904, nayesedwa tauni mu 1947. Boma litatsimikiza kucotsa likulu ku Zomba, linaika bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu la dziko. Ndalama zoyambira nchito zinali ngongole yocokera ku South Africa, ndi akatswiri olemba mapu a mzindawo anacokeranso komweko. Iwo anafuna mzinda wa mitengo ndi miseu yotakata, ndipo pa mitengo anacita bwino: nkhalango imene anaisiya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi iripo kufikira lero. Koma anaugawa m'zigawo zotalikirana. Maofesi anawaika ku City Centre ndi ku Capital Hill, msika waukuru unatsala ku tauni yakale, nyumba za akuru zinamangidwa ku Area 10 ndi Area 43, anthu wamba anapatsidwa malo akutali monga Area 25. Wa galimoto sauona utali umenewu. Koma mai wosenza dengu, ali ndi mwana kumbuyo, ayenda monga ora lathunthu kucokera kumsika kufika kumaofesi.

Powerenga anthu mu 1977 anapeza kuti mu mzindamo muli anthu monga 99,000. Mu 2018 anapeza 989,318. Ocuruka a iwo sanapeze malo m'zigawo za pa mapu, koma anamanga ku Mtandire, ku Cinsapo, ku Kauma, ku Mgona ndi kwina kotere, kumene nyumba zithinana kotero kuti pena maliro aturuka mobvutika.

Anthu akamanidwa bwalo amadzipangira okha. Ogulitsa malonda anadzaza m'makonde a masitolo ndi m'mbali mwa miseu, cifukwa ndimo mopita ogula. Mu 2006 Boma linawacotsa m'miseu ya m'mizinda yathu, niliwatumiza kumisika. Koma ambiri anabwerera, ndipo kuthamangitsana sikunathe. Pa msika wa Tsoka anthu anamanga okha milato ya mitengo pa mtsinje wa Lilongwe, woolokapo nalipa kandalama. Ena ayesa zimenezi cipwirikiti. Ine nditi ndi umboni wakuti anthu anasonyeza ndi mapazi ao pamene panafunika njira, ndipo olemba mapu sanawafunse.

Mwina wina anena mumtima mwace, Izi nza a Khonsolo, ife mafumu zitikhudza bwanji? Zikukhudzani ndithu, eni dziko. Mzinda ukula ndi kudya midzi ya m'mphepete mwace, ndipo pamene Khonsolo isanafike, wogawa malo ndinu. Ine ndinabadwira m'mudzi wotere. Bwalo limene tinasewerapo mpira lagulitsidwa, lasanduka mapuloti. Kacere anadulidwa, naocha naye njerwa. Njira ya kudambo yatsekedwa ndi mpanda. Lero pakagwa maliro anthu akhala pamseu, ndipo galimoto ziwapatsa pfumbi. Sindinena izi kuti ndicititse manyazi munthu, pakuti ndidziwa kuti ndalama ya puloti ioneka lero, pamene phindu la bwalo lioneka kwa adzukulu. Koma malo akamangidwapo nyumba ya njerwa sabweranso. Akuru anati, M'mera mpoyamba.

Cifukwa cace ndipempha Bungwe lino liganizire mfundo izi:

1. Mfumu isanagawe mapuloti, iyambe yapatula bwalo, malo a msika, malo osewerapo ana, ndi njira zotakata zopitamo galimoto ya odwala. Malo amenewa alembedwe m'buku, azikidwe zizindikiro pamaso pa anthu onse, ndi kalata yace ipite kwa Bwanamkubwa ndi ku Khonsolo, kuti wolowa ufumu m'tsogolo asadzati sanadziwe.

2. Pa bwalo liri lonse pabzalidwe mitengo ya mthunzi, pakhale pokhala okalamba, madzi akumwa, ndi zimbudzi za akazi pazokha ndi za amuna pazokha. Bwalo lopanda cimbudzi licotsa akazi msanga. Lopanda nyali usiku liwaopsa.

3. Tikumbukile abale athu olumala ndi akhungu. Ngalande yosabvundikira ndi mbuna kwa wakhungu, ndi masitepe atatu ali ngati phiri kwa woyenda pa njinga ya olumala. Polowera pakhale potsetsereka bwino, ndipo mthunzi usasowe, makamaka cifukwa ca abale athu acialubino amene dzuwa liwaononga khungu.

4. Ogulitsa malonda ndi anyamata a kabaza apatsidwe malo pamene papita anthu, asaponyedwe kuseri kumene kulibe ogula.

5. Pasanamangidwe kanthu, afunsidwe iwo amene adzayendapo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linaika makomiti a malo amene wapampando wace ndi Gulupu, ndipo mwa anthu 6 osankhidwa, akazi asacepere 3. Akazi amenewa asakhale ongodzaza mpando iai. Ndiwo adziwa njira ya kumjigo, ya kucigayo ndi ya kucipatala. Ana a sukulu nawonso afunsidwe pamene aopa kuoloka.

Tipemphenso a Khonsolo kuti pokuza miseu ya mu mzinda asaiwale oyenda pansi, amene ali ocuruka koposa okwera galimoto: pakhale njira yao m'mbali, ndi pooloka posaopsa, ndipo pa mtengo uli wonse wodulidwa abzalepo wina.

Mafumu anga, mlendo akafika pamudzi ayamba kuona bwalo, nadziwa ngati pali mfumu. Ndipempha kuti yense wa inu pobwerera kwao akayendere malo amene atsala osagawidwa, akapatule bwalo mvula isanagwe, ndipo pa msonkhano ukudzawo atiuze cimene wacita. Ngati ndalakwa pakamwa mundikhululukire. Mau anga athera pompa.