NTCHITO YA KUTALI, MSONKHO WA KWATHU

Lero tikambirana za msonkho. Tisanayambe, aphunzitsi, chonde lembani mau awa pa bolodi: msonkho, wolembedwa ntchito, wodzilemba yekha. Ana inu, mukamva mau amenewa mutchere khutu kwambiri.

Tiyambe ndi za makedzana. Mzinda wathu wa Chipata kale unali kutchedwa Fort Jameson. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa m'chaka cha 1898, kampani ya British South Africa Company, imene inali kulamulira dera lino, inaika msonkho wa nyumba, mashiling'i atatu pa chaka. M'midzi munalibe ndalama. Motero amuna ambiri anasiya akazi ndi ana, nayenda pansi milungu ingapo kunka ku Salisbury, kumene lero timati Harare, ena ku Bulawayo, ena mpaka ku migodi ya ku Johannesburg. Ena anabwerako ndi mabulangete ndi njinga. Ena sanabwererenso, ndipo ndiwo aja agogo anu amawatchula kuti machona. Onani tsono: masiku amenewo munthu anali kuchoka kwao kuti akapeze ndalama ya msonkho, ndipo msonkhowo unali kupita kwa alendo otilamulira.

Lero zinthu zatembenuka. Tiyerekeze kuti muli ndi mlongo wanu wamkulu amene amakhala ku Kapata, pafupi ndi msika. M'mawa amasesa pakhomo, namwa tiyi, nakhala pa tebulo ndi kompyuta yake. Amene amam'patsa ntchito ali ku London, ndipo awiriwa sanagwiranepo chanza. Ntchito imabwera pa intaneti, iye amaigwira, naitumiza pa intaneti pomwepo, ndipo malipiro amalowa ku banki. Sanaoloke Luangwa, sanadutse pa chipata cha Mwami, koma akugwirira ntchito kampani ya kunja.

Funso lathu ndi ili: kodi mlongo wanuyo msonkho wake apereke kuti? Ku Britain kumene kukuchokera ndalama, kapena kuno kumene akukhala? Kapena asapereke n'komwe, poti bwana wake sali m'dziko muno?

Yankho lake lili m'lamulo la msonkho wa zopeza. Lamulo limayang'ana kumene ntchito yagwiridwira. Ngati manja ndi mutu zagwira ntchito ku Kapata, ndalamayo yapezedwa m'Zambia, ngakhale itachokera kutsidya kwa nyanja. Lamulo limanenanso kuti munthu wokhala m'dziko muno masiku 183 kapena kupitirira pa chaka amawerengedwa ngati wokhala muno pa nkhani ya msonkho. Chimodzimodzi munthu wa ku Kapata wogwirira ntchito kampani ya ku Lilongwe ali m'nyumba mwake. Lilongwe ali pafupi ndi ife kuposa Lusaka, komabe msonkho wake ndi wa Zambia. Kuti munthu asalipitsidwe kawiri pa ndalama imodzi, boma lathu linapangana mapangano ndi maiko ena, monga Britain ndi South Africa.

Bungwe lotolera msonkho ndi Zambia Revenue Authority, kapena ZRA, limene linayamba ntchito m'chaka cha 1994, ndipo lili ndi ofesi muno m'Chipata.

Tsopano yang'anani mau awiri aja otsala pa bolodi.

Wolembedwa ntchito ndi munthu monga mphunzitsi wanu. Amauzidwa nthawi yoyamba ndi yowerukira, ndi mmene ntchito iyenera kugwiridwira. Zipangizo ndi za wom'lemba. Pakutha pa mwezi wom'lemba uja amayamba wachotsa msonkho natumiza ku ZRA. Njira imeneyi imatchedwa PAYE. Amachotsanso magawo 5 pa 100 alionse a malipiro, naonjezapo ena 5 a m'thumba mwake, natumiza ku NAPSA kuti wantchitoyo adzapeze chodyera atakalamba. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2019 limam'patsa masiku opuma, masiku odwala, ndi chidziwitso asanachotsedwe ntchito.

Wodzilemba yekha ndi munthu monga kalipentala wa pa msika wa Kapata. Mukafuna mpando mumapangana naye mtengo. Macheka ndi ake, nthawi ndi yake, ndipo angathe kupangira mipando anthu asanu mwezi umodzi. Palibe wom'chotsera msonkho kapena wom'sungira za ukalamba. Akadwala, ndalama nayonso imaima.

Apa ndipo pagona nkhani. Makampani ambiri a kunja alibe ofesi m'Zambia, ndipo m'kalata ya pangano amalemba kuti munthu wa kunoyo ndi wodzilemba yekha. Mlongo wanu uja angadzione ngati wolembedwa ntchito, poti amagwira tsiku ndi tsiku kwa bwana mmodzi. Koma ndalama imabwera yathunthu, yosachotsedwapo kanthu. Iye angakondwe, nayesa kuti yonse ndi yake. Chonsecho mkati mwake muli gawo la boma, mulinso gawo la ukalamba wake. Ntchito ikatha mwadzidzidzi, n'kovuta kukadandaula ku ofesi ya za ntchito, pakuti kampaniyo ilibe khomo muno loti n'kugogodapo. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Malipiro a kunja ndi mvula yabwino, koma matope ake ndi udindo umene bwana akadasenza.

Nanga achite chiyani? Choyamba, awerenge bwino kalata ya pangano asanasaine, kuti adziwe ngati ali wolembedwa kapena wodzilemba yekha. Chachiwiri, akhale ndi nambala ya wokhoma msonkho, yotchedwa TPIN, ndipo afunse a ZRA mtundu wa msonkho womuyenera, pakuti misonkho ilipo ya mitundu ingapo. Paja safunsa anadya phula. Chachitatu, alembe m'buku ndalama iliyonse yolowa, ndi zimene waononga pa ntchitoyo, monga kugula intaneti. Chachinayi, apatule gawo la msonkho tsiku lomwelo ndalama ikafika, chifukwa wochedwa kupereka amalipira chindapusa ndi chiongoladzanja. Chachisanu, akadzilembetse ku NAPSA, pakuti odzilemba okha nawonso amalandiridwa.

Tiyeni tichiteko masamu. Tengani mapensulo. M'chaka cha 2024 malipiro a pa mwezi anali kudulidwa motere: K5,100 yoyamba inalibe msonkho, kuchokera pamenepo kufika K7,100 msonkho unali 20 pa 100, kuchokera pa K7,100 kufika K9,200 unali 30 pa 100, ndipo yopitirira apo inali 37 pa 100. Munthu wolandira K7,100 anali kukhomera msonkho pa K2,000 yokha, ndiye kuti K400. Ziwerengerozi zimatha kusintha boma likalengeza ndondomeko ya chuma ya chaka china, choncho wamkulu aliyense azifunsa zatsopano.

Mwina wina mwa inu akuti, kodi ndalama zimenezi zimapita kuti? Yang'anani m'kalasi mwanu momwemo. Kuyambira m'chaka cha 2022 ana a m'sukulu za boma anasiya kulipira fizi, ndipo chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000. Malipiro ao, mankhwala a ku chipatala chachikulu cha Chipata, ndi msewu wa Great East Road, zonsezi zimadalira msonkho. Agogo athu anachoka kwao kukafuna msonkho wa alendo. Mlongo wanu ali pakhomo pake, ndipo msonkho wake ukugwira ntchito m'sukulu mwanu.

Aphunzitsi, wailesi ikatsekedwa funsani ana mafunso awa. Chifukwa chiyani amuna a kuno anali kupita ku Harare ndi ku Johannesburg? Kodi kalipentala wa pa msika akusiyana bwanji ndi mphunzitsi pa nkhani ya msonkho? Munthu wolandira K9,200 pa mwezi m'chaka cha 2024 anali kukhoma msonkho wa ndalama zingati? Ana inu, mukafika kunyumba mukafunse agogo ngati m'banja mwanu munali wina amene anachona, ndipo mawa mukauze anzanu.

Lero tilekeze pomwepa. Tsalani bwino.